Laputopu yakale ikauma gwa, musathamangire kuizimitsa

Laputopu yanga ndi ya mu 2013. Ili ndi memore (RAM) ya 4 GB ndi hadi disiki yozungulira ya 5400 rpm, ndipo ndinaikamo Linux ya banja la Ubuntu yokhala ndi desktop ya Xfce. Kwa miyezi ingapo inkandiumira pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zambiri ndili pakati pa ntchito. Zilembo zinkayamba kutuluka mochedwa, ndikalemba mawu atatu pa sikirini n'kuoneka amodzi. Kamuvi ka mausi kankayenda modumphadumpha, kenako zonse zii. Wotchi yapakona inkaima pa mphindi imodzimodzi ngati yatha batire. Ine ndinkachita zimene ambiri timachita: kukanikiza batani lozimitsira mpaka makina athime, kuyatsanso, n'kuyamba kudandaula ntchito imene sindinaisunge.

Chizolowezi chimenechi chinanditayitsa nthawi yambiri. Pamene kompyuta yauma ndi pamene imaonetsa poyera chimene chikuivuta, ndiye mukathamangira kuzimitsa mwafufuta umboni ndi manja anu omwe. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo wina ikauma, chotsani chala pa batanilo, mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu, muziyang'ana ndi kumvetsera.

Yambani ndi kanyali ka disiki. Kodi kakuphethira mwa apo ndi apo, kathima, kapena kayaka ngwee osathima? Ngati laputopu yanu ilibe kanyali kameneka, gunditsani khutu pambali pa touchpad: hadi disiki imene yapanikizika imamveka tcherere tcherere osapuma. Kenako dinani Caps Lock muone ngati nyali yake ikuyankha, kaya nthawi yomweyo kaya patapita masekondi angapo. Yesaninso Ctrl+Alt+F3, imene pa Linux imakupititsani ku sikirini yakuda yolowerapo ndi dzina ndi pasiwedi. Pomaliza ikani dzanja pamene fani imatulutsira mpweya.

Zimenezi zikuuzani kuti kuuma kwake ndi kwa mtundu uti mwa mitundu itatu, chifukwa kunjaku konse kumaoneka kofanana pamene mankhwala ake ndi osiyana. Ngati kunabwera pang'onopang'ono, kanyali ka disiki kali ngwee, mausi ikuyenda mwa kamodzikamodzi, ndiye kuti memore yadzaza. Ngati sikirini yaima mwadzidzidzi koma nyimbo imene munkamvera ikulirabe bwinobwino ndipo Ctrl+Alt+F3 ikugwira, makina ali moyo, chauma ndi mbali yojambula zithunzi pa sikirini. Ngati zonse zafa kamodzi n'kamodzi, disiki ili phee, Caps Lock sikuyankha, mawu atsala akubwereza kachidutswa kamodzi, muganizire zida zam'kati kapena kernel, pulogalamu imene ili mtima wa Linux. Nyali ya Caps Lock ikamaphethira yokha popanda woidina, pa Linux chimenecho ndi chizindikiro chakuti kernel yagweratu.

Yanga inali ya mtundu woyamba, ndipo pa makina a 4 GB kapena kucheperapo ndi umene muyenera kuukayikira musanaganize zina zonse.

Chimene chimachitika memore ikadzaza

Linux imagawa memore m'timasamba ta 4 KB. RAM ikayamba kutha, kernel imatenga timasamba timene sitikugwiritsidwa ntchito n'kutikankhira ku swap, malo a pa disiki osungirako zimene zasefukira. Imatayanso zidutswa za mapulogalamu amene akuyenda, podziwa kuti ikhoza kudzaziwerenganso pa disiki zikafunika. Vuto lagona pa liwiro. RAM imayankha pa ma nanosekondi pafupifupi 100, pamene hadi disiki yozungulira imafuna ma milisekondi 10 kapena kuposa kuti mutu wake ufike pamalo oyenera. Tikati RAM yayankha m'sekondi imodzi, ndiye kuti disikiyo yatenga tsiku lathunthu ndi maola ena. Tsono tangoganizani kuti pulogalamu yoyendetsa mausi yatayidwa kuti brawuza ipeze malo, brawuza n'kutayidwanso kuti mausi ibwerere, kumangosinthana chomwecho. Kompyuta sinafe ayi. Ikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, koma ntchito yake ndi yonyamula ndi kutula basi.

Kernel ili ndi chida chotchedwa OOM killer chimene chimapha pulogalamu yodya memore kwambiri zinthu zikafika pothina. Koma imachitulutsa pokhapokha yalephereratu kupeza malo, ndipo malinga ngati ikutha kumasula kamalo kakang'ono potaya kena kake, imaona ngati zinthu zikuyendabe. Yanga tsiku lina ndinaisiya dala, ndipo inadzuka yokha patapita mphindi zoposa makumi awiri.

Kuti mutsimikize, musadikire kuti iume. Tsegulani terminal, kawindo kolembamo malamulo, muisiye pambali, mulembe:

`free -h`

Musanyengeke ndi nambala ya pansi pa mawu akuti free, chifukwa Linux imagwiritsa ntchito memore yongokhala posungira mafayilo amene mwawatsegula posachedwa, ndiye nambalayo imakhala yaing'ono ngakhale zinthu zili bwino. Yofunika ndi ya pansi pa available. Pa yanga, ndikangoyatsa imakhala pafupifupi 3 GB. Ndikatsegula ma tab khumi ndi angapo, chikalata chimodzi chachikulu ndi PDF ya zithunzi, inkatsika mpaka pansi pa 200 MB, ndipo pamenepo m'pamene zilembo zinkayamba kuchedwa.

Lamulo lachiwiri limaonetsa bwino koposa:

`vmstat 2`

Limatulutsa mzere watsopano pa masekondi awiri aliwonse. Yang'anani ndime za si ndi so, zimene zikuwerenga memore yobwerera kuchokera ku swap ndi yopita ku swap, komanso wa, imene ikusonyeza gawo la nthawi limene purosesa yangokhala kudikira disiki. Makina akakhala pamtendere si ndi so zimakhala pa ziro kapena pafupi. Zonse ziwiri zikayamba kuthamanga nthawi imodzi, wa n'kukwera, mwamugwira wakubayo.

Ngati munazimitsa kale, umboni wina umatsalabe. Mukayatsanso lembani `journalctl -k -b -1 -e` kuti muone mawu omaliza a kernel pa ulendo wapitawo. Akakuuzani kuti palibe zosungidwa, pangani foda ya /var/log/journal kuti kuyambira lero zizisungika. Mawu akuti Out of memory: Killed process akusonyeza memore. GPU HANG akusonyeza mbali ya zithunzi. I/O error kapena mizere yoyamba ndi ata1.00 yodandaula za failed command ikusonyeza disiki kapena polumikizira pake.

Njira yotulukira ikauma

Musanakonze china chilichonse, dzikonzereni potulukira. Kernel ya Linux imamva mabatani ena mwachindunji ngakhale desktop itauma. Alt ndi SysRq ndi F pamodzi zimaitana OOM killer uja nthawi yomweyo. SysRq nthawi zambiri ndi batani lomwelo la PrtSc, ndipo pa malaputopu ena muyenera kugwiranso Fn. Koma pa Ubuntu ndi abale ake lamulo la F limabwera lotsekedwa. Lembani `cat /proc/sys/kernel/sysrq`. Mukaona 176, ndiye kuti mwaloledwa zitatu zokha: kulembera pa disiki zimene zatsala m'memore, kutseka disiki kuti isalembedwenso, ndi kuyambitsanso makina. Pangani fayilo ya /etc/sysctl.d/99-sysrq.conf, mulembemo mzere umodzi:

`kernel.sysrq=244`

Kenako `sudo sysctl --system`. Tsiku loyamba limene ndinadina Alt+SysRq+F makina atauma, kanyali ka disiki kanathima patangopita masekondi ochepa, tab imodzi ya brawuza inafa, ndipo chikalata changa chinali chikhalire. Zikakanika ndithu, gwirani Alt ndi SysRq, mudine S, mudikire pang'ono, U, mudikirenso, kenako B. Kumeneku ndi kuzimitsa kwaulemu kumene kumapatsa disiki mpata womaliza zimene inkalemba. Batani lozimitsira likhale lomaliza zonse zikalephera.

Ziwiri zimene zinathetsa vuto langa

Choyamba ndi earlyoom, kapulogalamu kakang'ono kamene kamayang'anira memore ndipo kamachitapo kanthu kernel isanatope. Kuikamo kwake ndi `sudo apt install earlyoom` basi, kamayamba kokha. Mukapanda kusintha kanthu, kamapempha pulogalamu yodya kwambiri kuti itseke memore yotsala ndi swap yotsala zikatsika zonse ziwiri pansi pa 10 peresenti, ndipo zikafika pansi pa 5 peresenti kamaipha mokakamiza.

Apa pali msampha umene unandigwira. Mawu akuti zonse ziwiri ndi ofunika. Ndinali ndi swap yaikulu pa hadi disiki, ndiye makina ankauma swap isanafike n'komwe pakati, earlyoom ili chidikirire. Ndinatsegula /etc/default/earlyoom n'kusintha mzere wa EARLYOOM_ARGS kuti mukhale `-m 8 -s 50`, kutanthauza kuti ichitepo kanthu memore ikatsala 8 peresenti ndipo theka la swap ladzaza. Mukaika `-s 100` ndiye kuti swap sikuwerengedwanso n'komwe. Mukasintha lembani `sudo systemctl restart earlyoom`, ndipo mukafuna kudziwa chimene chaphedwa onani `journalctl -u earlyoom`. Dziwaninso kuti Fedora kuyambira 34 ndi Ubuntu ya GNOME kuyambira 22.04 zimabwera kale ndi chida china cha ntchito yofanana chotchedwa systemd-oomd, ndiye onani kaye ngati chilimo, musaike alonda awiri pakhomo limodzi.

Chachiwiri, ndipo kwa ine ndicho chinasintha zinthu kwenikweni, ndi zram. Imadula gawo la RAM n'kulisandutsa swap, koma zimene zalowamo imazifinya kuti zichepe. Poyamba ndinkaona ngati zosamveka, kuchepetsa memore kuti memore ichuluke. Koma zambiri zimene brawuza imasunga zimafinyika bwino, nthawi zambiri mpaka theka kapena kuposa, ndipo kufinya ndi kufunyulula m'RAM n'kwachangu kutalitali kuposa kupita ku disiki. Fedora inayamba kuika zram mwachikhazikitso mu 2020 pa Fedora 33. Pa Debian, Ubuntu ndi Mint mumaika nokha:

`sudo apt install zram-tools`

Mu /etc/default/zramswap ikani PERCENT=50, ndipo pa ALGO musankhe lz4 ngati purosesa yanu ndi yofooka, kapena zstd imene imafinya kwambiri koma imadya mphamvu yochulukirapo. Ine ndinasankha lz4. Lembani `sudo systemctl restart zramswap` kenako `swapon --show`. Muyenera kuona /dev/zram0 ili ndi nambala ya PRIO yokwera kuposa ya swap ya pa disiki, kuti izidzaza ndiyo poyamba. Lamulo la `zramctl` likuonetsani kuchuluka kwa zimene zalowa ndi malo amene zatenga zitafinyidwa.

Pali malangizo awiri amene ndinawatsatira ndisanamvetse, ndipo onse anaipitsa zinthu. Oyamba ndi akuti chotsani swap yonse, poti ndiyo ikuchedwetsa makina. Ndinachotsa, ndipo kuuma kunayamba kubwera mwadzidzidzi kuposa kale. Chifukwa chake ndi chija ndanena: popanda swap, chokhacho chimene kernel ingataye ndi zidutswa za mapulogalamu amene akuyenda, ndiye disiki imapanikizikabe. Achiwiri ndi akuti tsitsani vm.swappiness, nambala youza kernel kufulumira kapena kuchedwa kugwiritsa ntchito swap, kuchoka pa 60 kufika pa 10. Pa makina a memore yambiri mwina sizipweteka, koma pa 4 GB zimapangitsa kernel kukakamira zinthu zongogona m'memore n'kumataya zimene mukuzigwiritsa ntchito. Mukakhala ndi zram muyenera kupita mbali inayo. Kuyambira kernel 5.8 nambalayi imafika mpaka 200, ndipo yanga ndinaiika pa 150 polemba `vm.swappiness=150` m'fayilo ina ya mu /etc/sysctl.d.

Brawuza ndiye mwini nkhani

Pa makina ngati awa chimene chimadya memore yambiri ndi brawuza, ndipo si ma tab onse amene amadya mofanana. Mu Firefox lembani about:processes pamene mumalemba adiresi, mu Chrome dinani Shift+Esc, muone tab iliyonse ndi memore yake. Ndinadabwa kupeza kuti tsamba la nkhani zolembalemba limadya zochepa kwambiri, pamene tab imodzi ya imelo kapena yochezerapo imene ndinkaisiya yotsegula tsiku lonse inkakula mwakachetechete mpaka ma MB mazana angapo. Tsopano ma tab oterewa ndimawatseka ndikamaliza, kapena kuwatsitsimutsa ndi F5 masana. Chrome ili ndi Memory Saver m'ma setting ake imene imagoneka ma tab osagwiritsidwa ntchito, ndipo mu Firefox tsamba la about:unloads limakulolani kugoneka tab nokha. Choletsa zotsatsa malonda monga uBlock Origin chimathandizanso, chifukwa mavidiyo odziyambitsa okha aja amadya memore ndi purosesa pamodzi.

Mapulogalamu ambiri ochezera ndi olembera a masiku ano amamangidwa pa Electron, kutanthauza kuti iliyonse yanyamula brawuza yakeyake m'kati. Mukatsegula atatu oterewa pamodzi ndi brawuza yanu, muli ndi mabrawuza anayi pa 4 GB. Pamene zingatheke, tsegulani ntchito zimenezo ngati tab m'brawuza imodzi.

Za desktop sindinena zambiri. Xfce ndi LXQt n'zopepukirapo kuposa GNOME, ndipo pa makina a 2 GB kusiyanako n'kwakukulu, koma kusintha desktop muli ndi ma tab makumi atatu sikukupulumutsani.

Ngati si memore

Sikirini yokha ikauma, lowani pa Ctrl+Alt+F3, mulembe `top` muone chimene chili pamwamba, ndi `sudo dmesg | tail -30` muone ngati pali dandaulo la GPU. Zinthu ziwiri zoyesa ndi kuzimitsa compositor (yokongoletsa mawindo ndi mithunzi), imene pa Xfce ili mu Window Manager Tweaks, ndi kuzimitsa hardware acceleration (kugwiritsa ntchito GPU pojambula masamba) m'brawuza. Yesani chimodzi, mugwire ntchito masiku awiri, kenako china. Mukasintha zinayi nthawi imodzi vuto n'kutha, simudzadziwa chimene chinathandiza.

Zikafa zonse kamodzi, yambani ndi RAM. Memtest86+ imapezeka pa menyu ya GRUB, yotuluka poyatsa Linux isanayambe, pa makina ambiri, kapena mukhoza kuiika pa fulashi. Isiyeni usiku wonse. Mzere umodzi wofiira ndi wokwanira kukuuzani kuti pali vuto. Nthawi zina si kuti RAM yafa, yangokhala molakwika: zimitsani, chotsani chaja ndi batire, itulutseni, muibwezeretse mpaka timbedza tam'mbali timveke kuti thapu. Kenako disiki: ikani smartmontools, mulembe `sudo smartctl -a /dev/sda`, muyang'ane Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector. Yachiwiriyi ikakhala pamwamba pa ziro, siyani zonse mukopere mafayilo anu kwina lero lomwe. Disiki yodwala imaumitsa makina kwa masekondi makumi angapo pamene ikubwerezabwereza kuwerenga malo owonongeka, ndipo kanyali kake kamayaka ngwee ngati mmene kamachitira memore ikadzaza. Chosiyanitsa ndi `free -h`: memore ikakhala ilipo yambiri koma disiki ikuvutikabe, kayikirani disikiyo.

Onaninso dzina la purosesa ndi `lscpu`. Mapurosesa a Intel a gulu la Bay Trail, monga Celeron N2830, Celeron N2840 ndi Pentium N3540, amadziwika kuti pa Linux amauma mwadzidzidzi akalowa m'tulo takuya tosungira batire, ndipo sasiya mawu aliwonse mu journal. Njira yodziwika yozembera ndi kuwonjezera `intel_idle.max_cstate=1` pa mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT mu /etc/default/grub, kenako `sudo update-grub` ndi kuyatsanso. Batire imatha msangako, koma makina amakhazikika.

Kutentha nthawi zambiri kumachedwetsa makina kapena kuwazimitsa, osati kuwaumitsa, komabe laputopu ya zaka khumi iyenera kutsegulidwa. Lamulo la `sensors` la mu lm-sensors limaonetsa kutentha, ndipo mapurosesa ambiri a laputopu malire ake ali cha pa madigiri 100. Yanga nditaitsegula ndinapeza fumbi litalukana pakati pa fani ndi timizere ta chitsulo totulutsira mpweya, lokhuthala ngati kachidutswa ka bulangeti, moti linatuluka lathunthu nditalikoka ndi kapanira. Kunja sikunkaoneka chilichonse. Mukamapemerera fani, igwireni ndi chala isazungulire mwaliwiro.

Amene muli pa Windows, kaganizidwe kake n'komweko. Ctrl+Shift+Esc imatsegula Task Manager, ndipo Memory ikakhala pamwamba pomwe Disk ili pa 100 peresenti, ndi vuto la mtundu woyamba lija. Win+Ctrl+Shift+B imadzutsanso dalaivala wa zithunzi sikirini ikauma, `perfmon /rel` imaonetsa mbiri ya zimene zakhala zikugwa tsiku ndi tsiku, ndipo `mdsched.exe` imayesa RAM. Kumbukirani kuti 4 GB ndi malire otsikitsitsa a Windows 11, ndipo Microsoft inathetsa chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Ngati mungathe kusintha zida, lembani kaye `sudo dmidecode -t memory`. Likuuzani kuchuluka kwa RAM kumene bolodi yanu imalola, malo oikamo alipo angati, ndi ngati ena ali opanda kanthu. Samalani ndi mtundu: malaputopu ambiri a nthawi ya yangayi amafuna DDR3L ya 1.35 V, ndipo mukaikamo DDR3 wamba ya 1.5 V mwina sangayake. Ena RAM yake inamatidwa pa bolodi, ndiye palibe chowonjezera, chimene chatsala ndi kuika disiki yachangu yosazungulira, SSD ya SATA, m'malo mwa hadi disiki. SSD siwonjezera memore, koma swap ikakhala pamenepo, kuuma kwa mphindi kumasanduka kudodoma kwa masekondi.

Yanga dmidecode inasonyeza malo amodzi okha, ndiye kuti ndifike pa 8 GB ndiyenera kuchotsa ya 4 GB imene ilimoyo. Sindinatero panobe. Ikuyendabe ndi hadi disiki yake yakale, zram ndi earlyoom. Sabata yatha ndinatsegula mapu aakulu m'brawuza ma tab ena ali chitsegukire. Zilembo zinachedwa kamphindi, kanyali ka disiki kanayaka, tab ya mapuyo inathima n'kundisiyira uthenga wakuti yagwa. Ndinatseka ma tab awiri amene ndinali nditamaliza nawo, ndinaitsegulanso, n'kupitiriza kulemba.